Mkuyu Umene Unadulidwa Kale

Ufumu wa Zalembedwa uli kuseri kwa phiri la Tidzaona, ndipo amene anafikako amati ndi dziko la mtendere, chifukwa kumeneko kulibe chimene chimachitika chisanalembedwe. Mvula ikagwa anthu amanyowa ndithu, koma boma limayamba ladikira lipoti kuti livomereze kuti kunja kwagwa mvula.

Mfumu Chidindo Wachiwiri sinali yankhanza ayi. Anali bambo wansangala, wa masaya onona, wokonda kuseka mpaka kugwira pamimba. Chimodzi chokha ndicho sankachikhulupirira: pakamwa pa munthu. Tsiku limene analowa ufumu analamula kuti nkhani iliyonse izimufika papepala, ili ndi mutu, tsiku, dzina la wolemba ndi chidindo chofiira m'munsi. Akuti ngakhale mfumukazi ikafuna kumuuza kuti chakudya chapsa, inkatumiza memo, ndipo mfumu inkasaina kaye isanasambe m'manja.

Mu likulu la dzikolo, mzinda wa Dikiranipo, munali msika wa Tazolowera. Pakati pa msikawo panali mkuyu waukulu, ndipo pafupi ndi mkuyuwo panali benchi la Etinala, mayi wachitsikana wogulitsa kaunjika wa ana: timadiresi, timasokosi ndi tizipewa taubweya. Etinala anafika Fomu 4, ndipo anali ndi mwana mmodzi, Sungeni, wa miyezi isanu ndi itatu. Chibadwire mwanayo, maso a Etinala sanapumepo. Munthu akatsokomola mbali ya nsomba, iye ankamumva ali ku kaunjika n'kumufunditsa mwana nsalu kumutu. Galu akagona pafupi, ankamuyang'ana mpaka galuyo achite manyazi n'kusamuka.

Choncho mng'alu wa pa mkuyu anayamba kuuona ndi iyeyo.

Nkhani inali yakuti Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse azaumoyo ankabwera kudzachititsa sikelo pansi pa mtengowo. Amayi oposa makumi asanu ankakhala mu mthunzi akuimba nyimbo za phala, ndipo sikeloyo inkakolekedwa pa nthambi yayikulu yoloza kum'mawa. Ana ankavekedwa kakabudula ka sikelo mmodzimmodzi n'kumalendewera pamenepo ngati mkoko wa nthochi. Pamene nthambiyo inalumikizana ndi thunthu ndi pamene panali mng'alu. Mwezi wa Januwale munkalowa chala chimodzi cha Etinala. Lolemba la sabata ya nkhani yathuyi munalowa dzanja lonse, ndipo litatuluka linali ndi chiswe mpaka m'chigongono. Lachisanu linali tsiku la sikelo.

"A Nasoko, mtengowu mukuumva mmene ukulirira?" anafunsa Etinala.

A Nasoko anali mayi wachikulire wogulitsa tomato pa benchi loyandikana nalo. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Ndikuumva. Ukulira ngati bondo langali. Nanga bondo langa mwalidula?"

"Ine sindikuseka. Lachisanu tidzakoleka ana pamenepa."

"Amake Sungeni, iwe ukaona nyerere umati yabwera kudzanyamula mwana wako."

"Tabwerani mupise dzanja nokha."

A Nasoko anapita monyinyirika, napisa dzanja, nalitulutsa msanga n'kumalisasa pa chitenje. Anayang'ana m'mwamba kwa kanthawi.

"Ee, wadyeka. Koma kudula usakutchule. Mitengo yonse ya mumsika ndi ya mfumu. Wayiwala a Dzimbiri akalipentala? Anangothyola kanthambi kochotsera nyama m'mano, anawalanda malo miyezi itatu. Chilolezo chodulira chimatuluka ndi lipoti. Iwe si unapita kusukulu? Pita ukalembe."

M'mawa wa Lachiwiri Etinala anabereka Sungeni, namumanga ndi nsalu ziwiri kuopa kuti imodzi ingamasuke, n'kupita ku Nyumba ya Malipoti. Nyumbayo inali ndi mazenera asanu, lililonse ndi mtundu wake wa lipoti ndi mtundu wake wa pepala. Kalaliki anali mmodzi yekha, a Chimtokoma, bambo woonda waulemu kwambiri, amene ankayenda kuseri kwa khoma kuchoka pa zenera ili kupita pa linalo, ndipo pa zenera lililonse ankakupatsa moni ngati sanakuonepo.

Pa zenera loyamba panali Lipoti la Ngozi, la pepala lofiira.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Dzina la wovulala?"

"Palibe wavulala, bwana."

"Nthawi imene ngozi inachitika?"

"Sinachitike. Ndabwera kuti isachitike."

A Chimtokoma anaika cholembera pansi mwachisoni.

"Ndiye mwafulumira, mayi. Mudzabwere mtengo ukagwa. Tsiku limenelo simudzaima ndi pamzere pomwe, tidzakuthandizani mwamsangamsanga."

Pa zenera lachiwiri panali Lipoti la Kafukufuku, la pepala lachikasu. A Chimtokoma anamupatsanso moni, nafunsa dzina la mwana, nati ndi dzina labwino, kenako anapempha nambala ya Lipoti la Ngozi, pakuti kafukufuku amafufuza chimene chinachititsa ngozi. Pa zenera lachitatu panali Lipoti la Zoyenera Kuchita, ndipo ilo linkafuna nambala ya Lipoti la Kafukufuku, chifukwa munthu sungalangize boma pa chinthu chimene sichinafufuzidwe.

Pa zenera lachinayi, la Lipoti la Kayendedwe ka Ntchito, Etinala anaona ngati zitheka, chifukwa nkhope ya a Chimtokoma inawala.

"Mwati mng'aluwo ukukula?"

"Ukukula, bwana. Unali wa chala, pano ndi wa dzanja."

"Ndiye kuti ntchito ikuyenda. Zoterezi ndi zimene timafuna pa zenera lino. Akugwira ntchitoyi ndani?"

"Chiswe."

"Chiswe chimenechi chili pansi pa unduna uti?"

A Chimtokoma anatsegula buku la maunduna onse, nayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, napukusa mutu.

Zenera lachisanu linali la Lipoti Loona Ngati Zingatheke. Apa anamufotokozera kuti pasankhidwa komiti ya anthu khumi ndi awiri imene ikayendere maufumu oyandikana nawo kukaona mmene mikuyu imagwera kumeneko. Ikadzabwerako nthawi yokolola, idzayamba yalemba Lipoti la Ulendo, ndipo pambuyo pake idzakhala pansi kuona ngati n'zotheka kuti mkuyu wa pa Tazolowera ugwe.

"Nanga memo, bwana? Ndamva kuti memo imayenda msanga."

"Memo ndi ya ife ogwira ntchito tokhatokha, mayi. Inu ndinu anthu."

Sungeni anayamba kunyinyirika kumsana. A Chimtokoma, amene mtima wawo sunali woipa, anatulutsa mutu pazenera n'kutsitsa mawu.

"Mawa kunyumba yachifumu kuli kuwerenga Lipoti la Pachaka. Anthu wamba amaloledwa kulowa kuti akaombe m'manja. Nduna ya Mitengo ndi Mithunzi ikakhalako. Ine sindinakuuzeni kanthu, chifukwa sindinalembe."

Lachitatu bwalo lachifumu linadzaza. Malipoti a maunduna ankalowa pa wilibala, n'kuyezedwa pa sikelo ya chimanga mfumu ikuona, ndipo unduna umene lipoti lake lalemera kwambiri unkaomberedwa m'manja kawiri. Unduna wa Misewu unabweretsa mawilibala atatu, koma imodzi inafika mochedwa chifukwa inagwera m'dzenje la pa msewu wa kunyumba yachifumu. Mfumu inkangowerenga tsamba loyamba la chidule, n'kuseka mokondwa, n'kudinda.

Etinala anakhala kumapeto, pafupi ndi khomo, atawerenga kale makomo onse othawira. Ankangoyang'ana nyali yayikulu yolendewera kudenga, akudzifunsa kuti inamangidwa ndi chiyani.

Kenako anaimirira Olemekezeka a Mthunziwanga, Nduna ya Mitengo ndi Mithunzi, mendulo ikunyezimira pachifuwa.

"Mfumu yanga, chaka chino mthunzi wakula m'dziko lonse, makamaka madzulo. Ndipo ndikumbutse bwalo lino za ntchito imene inandipatsa mendulo iyi. Malinga ndi Lipoti Lomaliza Ntchito, mkuyu woopsa umene unali pakati pa msika wa Tazolowera tinaudula zaka ziwiri zapitazo. Lero amayi athu akuyezetsa ana awo mosatekeseka."

Anthu anaomba m'manja. Phokosolo linadzidzimutsa Sungeni, ndipo analira kulira kumene kunamveka mpaka kumpando wachifumu. Bwalo lonse linacheuka. Etinala anafuna kulowa pansi.

"Mwana wa mawu amphamvu ameneyo," inatero mfumu ikumwetulira. "Adzakhala wowerenga malipoti. Mayi, kodi mwanayu ali ndi chonena?"

Etinala anagwada.

"Mfumu, pepani. Mtengo umene akunenawo ulipo. Dzulo ndinali pansi pake. Wang'aluka, ndipo mkuja tikakoleka ana pa nthambi yake."

Alembi a maminitsi anaimika zolembera m'mwamba, osadziwa ngati mawu a pakamwa ngati amenewa amalembedwa. Mfumu inayang'ana nduna.

"A Mthunziwanga, lipoti lija analisaina anthu angati?"

"Asanu ndi awiri, mfumu yanga."

Mfumu inaseka mpaka kugwira pamimba.

"Mwamva, mayi? Inu mwauona ndi maso awiri. Apa pali maso khumi ndi anayi. Ndipo anuwo ndi otopa, mwana salola munthu kugona, ine ndikudziwa, ndinawerengapo lipoti lake. Musadandaule. Alembi, apatseni mayiwa kope la lipotilo kuti mtima wawo ukhale pansi."

Kope linabwera, mfumu inalidinda yokha ndi chidindo chofiira, n'kulipereka ndi manja awiri. Anthu anaombanso m'manja chifukwa cha chifundo cha mfumu yawo.

Etinala anafika pamsika dzuwa litapendeka. Anthu anamuzungulira, ogulitsa makala, a zitumbuwa, ometa, ngakhale a Dzimbiri akalipentala anasiya chitseko chimene ankapala. Anaima pansi pa mkuyu, kenako anaganiza bwino n'kusuntha mapazi khumi, nayamba kuwerenga mokweza. Lipotilo linanena kuti ntchito inayamba nthawi ya eyiti, kuti panabwera amuna makumi awiri ndi nkhwangwa zatsopano, kuti mtengo unagwa mwaulemu moloza kumadzulo, ndiponso kuti anthu a mumsika anavina.

"Ine ndinavina?" anafunsa a Nasoko. "Ndi bondo ili?"

"Mwalembedwa kuti munavina, amayi," anatero wometa wina. "Musatsutsane ndi boma."

"Ndiye mthunzi timakhalamowu ndi wa ndani?"

"Ndi wotsalira. Mtengo anachotsa, mthunzi anayiwala."

"Nkhuyu zimene zimagwera mu tomato wangazi nazonso ndi zotsalira?"

Anthu anaseka, ena mpaka kukhala pansi. Etinala yekha sanaseke. Ankawerenganso ndime yomaliza chamumtima, milomo ikuyenda. Ndimeyo inkati: Choncho kuyambira lero, pa msika wa Tazolowera mfumu ilibe mtengo uliwonse. M'munsi mwake munali masiginecha asanu ndi awiri, ndi chidindo chimene inki yake inali isanaumitsitse.

"A Dzimbiri," anatero motsitsa mawu, "lamulo lija limati chiyani kwenikweni?"

"Ndimalidziwa ngati dzina langa. Wodula kapena kuthyola mtengo wa mfumu adzalandidwa malo ake mumsika."

"Mtengo wa mfumu."

"Eya."

"Mfumu ilibe mtengo pano. Yadinda yokha lero, ine ndikuona."

Kuseka kunatha. A Dzimbiri anatenga pepalalo, naliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, nalibweza.

"Mwana wanga, nzeru zako ndazimva. Koma ine ndinakhalapo miyezi itatu kunyumba, mkazi wanga akundiyang'ana ngati mpando wothyoka. Akabwera kudzafunsa, adzafuna dzina la munthu."

Etinala anayang'ana benchi lake. Malo amenewo anawadikira zaka ziwiri, ndipo ndi amene ankadyetsa iye ndi mwana. Anayang'ananso nthambi ija. Kamphepo kanaomba, mtengo unalira.

"Mudzatchule langa," anatero. Mawu anatuluka aang'ono, moti anabwereza. "Mudzati ndi Etinala wa kaunjika."

"Kamtsikana koopa galu wogona," anatero a Nasoko. "Chabwino. A Dzimbiri, nkhwangwa muli nayo kapena nayonso inadulidwa kale?"

Lachinayi m'mawa anasuntha mabenchi onse. Etinala anayendayenda kuthamangitsa aliyense amene anayandikira, ndipo Sungeni anamusiya kutali kwambiri m'manja mwa mayi wa zitumbuwa, moti ankachita kumuona ngati kadontho. Ogulitsa makala anamanga zingwe. A Dzimbiri analavulira m'manja, natema kamodzi, ndipo thunthu linalira ngati ng'oma. Anatema kachiwiri, nkhwangwa inalowa yonse. Asanateme kakhumi, nthambi yayikulu ija inathyoka yokha n'kugwa pamalo penipeni pamene amayi amakhala pa tsiku la sikelo. Fumbi linakwera, chiswe chinamwazika ngati mpunga.

Anthu anayandikira mwakachetechete. Mkati monse munali mphako. Chimene chinkagwira nthambi yonseyo chinali kachigamba ka mtengo wamoyo kosaposa chikhatho cha munthu.

A Nasoko, amene mdzukulu wawo ankayezedwanso pamenepo, anakhala pansi pa dengu lawo la tomato osazindikira. Atadzuka anayang'ana chitenje chawo kumbuyo.

"Amake Sungeni, tomato uyu ndiye walowa Lipoti la Ngozi."

Pofika masana thunthu linali litagwa, ndipo mtengo umene kunalibewo unatha msanga kuposa mtengo uliwonse umene ulipo. Amayi anasenza nkhuni, a makala anatenga zipika, a Dzimbiri anasankha nthambi zitatu zolimba n'kukhoma choimikapo sikelo. Etinala anachigwedeza, anachikankha, anadzilendewetsa yekha pamenepo kawiri, kenako anapempha kuti awonjezere misomali inayi. Anasesa pamalopo mpaka panatsala chitsa chokha.

Lachisanu azaumoyo anabwera, nayang'ana kumwamba, nayang'anana, n'kukoleka sikelo pa choimika cha a Dzimbiri osafunsa kanthu. Amayi anadzifunditsa zitenje kumutu chifukwa cha dzuwa n'kuyamba kuimba. Sungeni anayezedwa wachitatu, ndipo anali atakwera.

Etinala akumumasula mwana m'kakabudula, anaona njinga ikulowa pachipata cha msika. Anali a Chimtokoma. Lachisanu lililonse ankayendera misika kudzalemba Lipoti la Pasabata, ndipo chizolowezi chawo chinali kutsamiritsa njinga pa mkuyu n'kulembera mu mthunzi. Anafika, natsika, natsamiritsa njinga, ndipo njinga inagwa pansi.

Anayang'ana chitsa. Nyimbo ya amayi inazilala. Kenako anatsegula chikwama n'kutulutsa pepala lofiira.

"Ndani wadula mtengo wa mfumu?"

Aliyense anapeza chochita. Wometa anayamba kumeta munthu amene anali atamumeta kale. Etinala anabereka mwana, namanga nsalu yoyamba, namanga yachiwiri, n'kupita kukagwada patsogolo pa kalalikiyo.

"Mwadzuka bwanji, mayi?" anatero a Chimtokoma, ngati sanamuonepo.

"Ndadzuka bwino, bwana. Amene anadula alembedwa umu."

Anatulutsa kope lija pachifuwa pamene analisunga. A Chimtokoma analiwerenga kuyambira pa mutu. Anaona tsiku la zaka ziwiri zapitazo. Anaona dzina la Olemekezeka a Mthunziwanga. Anaona chidindo cha mfumu. Chala chawo chinatsika pa masiginecha, ndipo chitafika pa yachisanu ndi chiwiri chinaima, pakuti inali yawo.

Anayang'ana pepala lofiira lija. Kuti alembe kuti mtengo wadulidwa dzulo, ndiye kuti alembe kuti dzana unalipo. Kuti dzana unalipo, ndiye kuti nduna ivule mendulo, mfumu inadinda bodza, ndipo kalaliki wina woonda akafotokoze chimene anaona ndi maso ake tsiku limene anthu anavina. Anapinda pepala lofiira bwinobwino, nalibwezera m'chikwama, natulutsa loyera la masiku onse.

Anakhala pa chitsa n'kuyamba kulemba akutchula mawu, monga ankachitira nthawi zonse.

"Msika wa Tazolowera. Anthu alipo. Malonda akuyenda. Chitsa cha mkuyu umene unadulidwa zaka ziwiri zapitazo chikusamalidwa bwino."

Atafuna kudzuka, thalauza linakana. Utomoni woyera wa mkuyu unali ukutulukabe m'mbali mwa chitsa, ndipo unawagwira ngati ulimbo. Anadzikoka, naukhudza ndi chala, naununkhiza. Anayang'ana Etinala, ndipo kwa nthawi yoyamba anaoneka ngati akumukumbuka.

"Koma mayi, patha zaka ziwiri. Chitsachi chikukhala bwanji chachiwisi chonchi?"

Etinala anakonza kachipewa ka Sungeni kuti dzuwa lisamuombe pa liwombo.

"Timachithirira, bwana. M'mawa ndi madzulo."

A Chimtokoma anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nanyowetsa cholembera ndi lilime, n'kuwonjezera mzere wakuti misika ina yonse ya mu ufumu wa Zalembedwa itengerepo chitsanzo.